Munthu wakuda pa hatchi ya Napoleon: tikambirane za Kehinde Wiley

Nachisale:
Abale anga a pagulu pano, ndaika zithunzi ziwiri pamwambapa, ndipo ndikupempha kuti muziyang'anitsitse musanayankhe. Choyambacho anachijambula Jacques-Louis David wa ku France mu 1801. Ndi Napoleon ali pa hatchi imene yaimika miyendo yakutsogolo m'mwamba, mphepo ikuulutsa chofunda chake, chala akuloza kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mapiri a Alps. Chachiwiricho ndi cha Kehinde Wiley wa ku America, cha mu 2005, ndipo chili ku Brooklyn Museum ku New York. Hatchi yaima chimodzimodzi, chala chikuloza komweko. Koma amene wakwerapo ndi mwamuna wakuda, wovala zamawangamawanga za asilikali, nsapato za Timberland, kumutu wamanga kansalu. Thambo ndi mapiri zachoka, m'malo mwake muli nsalu yofiira ya maluwa agolide.

Muyang'anenso miyala ili kumapazi a hatchi. David analembapo maina atatu: Bonaparte, Hannibal ndi Karolus Magnus, akuluakulu a nkhondo amene anadutsapo m'mapiri amenewo. Wiley anasiya mainawo ali pomwepo n'kuwonjezerapo limodzi lokha, Williams, dzina lofala pakati pa anthu akuda a ku America.

Ine ntchito imeneyi imandigwira mtima, sindibisa. Koma mwana wina wa m'kalasi mwanga wandifunsa kuti, "Madamu, ife tikakopera mumatichotsera malikisi, nanga uyu watchuka bwanji ndi kukopera?" Funso limeneli ndalibweretsa kwa inu.

Bambo a Tadala:
Mwanayo wafunsa bwino, mayi. Ine ndimalemba zikwangwani kuno ku Limbe, za mabara, za okonza tsitsi, za mashopu, ndipo nkhope za anthu ndajambula zambirimbiri. Kukopera ndikukudziwa. Wokopera amabisa kumene watenga. Uyu sakubisa, akufuna kuti uzindikire msanga kuti hatchiyi unaionapo kwinakwake. Ukapanda kuizindikira, theka la nkhani yake lakudutsa.

Koma chimene chandiimitsa ine ndi khungu. Kulitsani chithunzicho muone pamphumi ndi pa dzanja lolozalo. Khungu lakuda ndi lovuta kulijambula kuti lioneke lamoyo. Ambiri timangotenga penti yabulauni n'kuthiramo yakuda, mapeto ake munthu amatuluka wotuwa, ngati wadwala. Uyu khungu lake likuwala, muli kufiira, muli golide. Ameneyu si munthu wongoika pepala pamwamba pa chithunzi n'kumatsata mizere ayi.

Yamikani:
Ine dzinalo ndimaona ngati ndi wa ku Nigeria. Ndi wa ku America bwanji?

Nabanda ku Maryland:
Zonse ziwiri zili momwemo, a Yamikani. Anabadwira ku Los Angeles pa 28 February 1977, ndipo ndi mapasa. Mayi ake ndi munthu wakuda wa ku America, bambo ake ndi a ku Nigeria amene anabwera kuno kudzaphunzira n'kubwerera kwawo mwanayo asanawadziwe. Mayiyo analera okha ana 6 kudera la South Central, m'zaka za m'ma 1980 pamene kumeneko kunali koopsa ndi magulu a zigawenga ndi mankhwala ozunguza bongo. Ankagulitsa katundu wakale, mipando, zovala, zokongoletsa m'nyumba, kuti ana adye.

Pofuna kuti mapasawo asamangoyendayenda m'misewu Loweruka ndi Lamlungu, anawalembetsa maphunziro a zojambula Kehinde ali ndi zaka 11. Mu 1989, ali ndi zaka 12, anapeza mwayi wopita ku Russia, kufupi ndi mzinda umene lero ndi St Petersburg, kukaphunzira zojambula kwa kanthawi ndi ana ena. Tangoganizani mwana wa mayi wogulitsa zakale akukwera ndege kupita ku Soviet Union.

Koma chimene chinamuumba kwenikweni chinali pafupi ndi kwawo. Aphunzitsi ankawatengera ku Huntington, nyumba yaikulu yosungiramo mabuku ndi zithunzi ku San Marino, kunja pang'ono kwa Los Angeles. M'menemo muli zithunzi zikuluzikulu za anthu olemera a ku England a m'zaka za m'ma 1700, zojambulidwa ndi Thomas Gainsborough, Joshua Reynolds ndi anzawo. Madona ovala silika, mabwana atagwira m'chiuno, kumbuyo kuli minda yawo. Mwanayo ankazikonda zithunzizo, nsalu zake, kuwala kwake, koma pa makoma onsewo panalibe munthu wofanana naye. Ntchito yake yonse inachokera pamenepo, kukonda chinthu chimene sichikukuwerengera.

Kenako anamaliza ku San Francisco Art Institute mu 1999 ndi ku Yale mu 2001. Bambo ake anakawafunafuna yekha ku Nigeria ali ndi zaka 20, ndipo anawapeza.

Gondwe:
Ndiwonjezere pamene mwasiyira, amayi. Atachoka ku Yale anapita ku Studio Museum in Harlem, kumene amapatsa ojambula achinyamata malo ogwirira ntchito kwa chaka. Tsiku lina akuyenda mumsewu anatola pepala lokwinyika la apolisi, lokhala ndi chithunzi cha mnyamata wakuda womangidwa, zija amajambula munthu atangolowa m'manja mwa apolisi. Nachonso n'chithunzi cha nkhope, monga cha bwana wa ku England uja. Kusiyana kwake n'kwakuti bwana uja anasankha yekha chovala, kaimidwe ndi malo, ndipo analipira wojambula kuti amukometse. Mnyamatayu sanasankhe chilichonse: yang'ana kuno, tembenukira uko, gwira nambala.

Kuyambira pamenepo anayamba njira imene anatchuka nayo. Ankaima pa 125th Street ku Harlem n'kumaimitsa anyamata odutsa, osawadziwa n'komwe. Wovomera ankamutengera ku situdiyo, n'kumutsegulira mabuku a zithunzi zakale za ku Ulaya kuti asankhe yekha kaimidwe kamene akufuna. Wina ankasankha mfumu, wina woyera mtima wa m'tchalitchi, wina mkulu wa asilikali. Ankamujambula ndi kamera atavala zake zomwe wabwera nazo, kenako n'kumusamutsira pa nsalu yaikulu ndi penti ya mafuta. Chithunzi cha Napoleon chija n'chachikulu pafupifupi mamita 2.7 mbali zonse, munthu ukaima patsogolo pake umachita kukweza khosi.

Kwa ine kusankhako ndiye mtima wa nkhani yonse.

Bambo Mbewe:
Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndikuthokoza chifukwa ndaphunzirapo. Koma lolani kuti nkhalamba ilankhule zosiyana. Ndidaphunzitsa mbiri yakale mpaka kupuma ntchito, ndipo Napoleon ndimamudziwa. Chithunzi cha David chija n'chabodza kuyambira pachiyambi. Napoleon adadutsadi m'mapiri amenewo mu May 1800, pa mpata wa Great St Bernard, koma sadakwere hatchi yolusa. Adakwera nyulu, munthu wa komweko akumutsogolera. Wojambula wina, Paul Delaroche, adadzajambula zoona zake patapita zaka pafupifupi 50, Napoleon atazizidwa pa nyulu yotopa. Ndiponso Napoleon adakana kukhala pansi kuti David amujambule. Iye ankangofuna kuti anthu amuone ali wodekha pa hatchi yaukali, ndipo David adajambula chithunzicho kasanu kuti chifalikire.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimandipweteka. France idathetsa ukapolo m'maiko ake mu 1794. Napoleon yemweyu adaubwezeretsa mu 1802, chaka chimodzi chithunzichi chitangojambulidwa. Adatumiza asilikali ku Saint-Domingue, kumene lero ndi Haiti, ndipo Toussaint Louverture, mtsogoleri wa akapolo amene adaukira kumeneko, adafera m'ndende ya ku France mu 1803.

Tsono ndikufunsa: ulemu wa munthu wakuda tikaupeze pa chishalo cha munthu ameneyu? Zikundikumbutsa mkwati wobwereka suti ya bwana wake. Pa tsikulo amaoneka bwino, anthu n'kululutira, koma aliyense m'mudzimo akudziwa mwini suti, ndipo Lolemba ibwerera kwao. Kodi ife tilibe kaimidwe kathu? Kodi kuti tioneke anthu mpaka tiime ngati azungu?

Yamikani:
Apa bambo Mbewe andikhudza. Ndinali nditayamba kale kuchikonda chithunzicho.

Nachisale:
Bambo, mfundo yanu ndi yolemera ndipo sindikuipeputsa. Otsutsa ambiri ku America komweko amanena zomwezo. Koma ine ndikuona kuti Wiley bodza la David akulidziwa, ndipo akulionetsa poyera. N'chifukwa chake anachotsa mapiri. Popanda mapiri, hatchi ija ikungoima patsogolo pa nsalu, ngati m'situdiyo yojambulitsira. Ukayang'ana umazindikira kuti ulemerero wonsewo ndi wochita kukonza: hatchi, chofunda, chala cholozera kumwamba. Aliyense akhoza kuikidwamo n'kuoneka mfumu. Ndiye ukabwerera kwa David, sumuonanso Napoleon ngati kale. Umaona munthu amene analamula kuti amukometse.

Pepani akuluakulu pa chimene ndinene, koma chili m'chithunzimo. Mukakulitsa nsalu yofiirayo muona timbewu ta abambo tating'onoting'ono tikusambira pakati pa maluwa. Anatijambula dala, kusonyeza kuti zithunzi za amuna pa mahatchi zonsezi n'zodzitamandira mphamvu zachimuna. Munthu wongosirira Napoleon sakanaikamo zimenezo.

Ndipo zithunzi ziwirizi zinakumanapo. Mu 2019 anaziika limodzi ku Malmaison, nyumba imene Napoleon ankakhalamo kufupi ndi Paris, kenako mu 2020 ku Brooklyn. Suti ija sinabwerere mwakachetechete, bambo, inalowa m'nyumba ya mwini wake itavalidwa ndi wina.

Gondwe:
Pa funso la mwana wa sukulu lija, mukamuuze kuti azungu okhaokha akhala akutengerana kuyambira kale. Chithunzi chotchuka kwambiri ku Huntington ndi The Blue Boy cha Gainsborough, cha m'ma 1770, ndipo zovala ndi kaimidwe kake Gainsborough anatengera kwa Anthony van Dyck amene anamwalira mu 1641. Manet anatenga chithunzi cha Titian cha mkazi wogona n'kuchisandutsa chake chotchedwa Olympia mu 1863. Picasso mu 1957 anakhalira kujambula mobwerezabwereza chithunzi chimodzi cha Velázquez. Picasso yemweyo anatenga maonekedwe a zigoba za ku Africa kuno mu 1907, osatchula n'komwe amene anazisema. Onsewa m'mabuku amalembedwa kuti ndi akatswiri amene ankacheza ndi akale awo. Wakuda akachita zomwezo, mpamene tiyambe kunena kuti wakuba?

Nabanda ku Maryland:
The Blue Boy mwaitchulayo ili ndi nkhani yake. Henry Huntington, mwini njanji wolemera, anaigula mu 1921 pa mtengo umene panthawiyo unali wokwera kuposa chithunzi china chilichonse. Pokumbukira kuti patha zaka 100, a Huntington anapempha Wiley kuti ajambule yankho lake. Mu 2021 anapachika Portrait of a Young Gentleman m'chipinda chomwecho, moyang'anizana ndi The Blue Boy: mnyamata wakuda wa tsitsi lopota, wovala kabudula, dzanja lina m'chiuno lina litagwira kapu, maluwa atamuzungulira. Chipinda chimene ankalowamo ali mwana wa zaka 11 chija.

Bambo a Tadala:
Pali chinthu china chimene ndamva, ndipo ndikufuna odziwa anditsimikizire. Akuti sajambula yekha, ali ndi anyamata ku China.

Gondwe:
N'zoona, achimwene. Anatsegula situdiyo ku Beijing cha m'ma 2006, ndipo ali ndi omuthandiza kumeneko ndi ku New York. Maluwa ndi mizere ya kumbuyo ija nthawi zambiri ndi ntchito ya omuthandiza. Sabisa kuti alipo, ngakhale sakonda kufotokoza kuti dzanja lake lalekezera pati.

Bambo a Tadala:
Ndiye pamenepo ine sindimuweruza kwambiri. Mutu umodzi susenza denga. Nanenso khoma likakhala lalikulu, mnyamata wanga amapaka pansi ndi kudzaza zilembo, ine n'kumaliza nkhope ndi mithunzi, ndipo pakona ndimalemba dzina langa chifukwa chikaipa wotukwanidwa ndi ine. Koma mnyamata wangayo aliyense amamuona ali pa makwerero, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina adzatsegula zake. Chimene chikundivuta kwa Wiley n'chakuti uthenga wake wonse ndi woti anthu osaoneka aoneke. Nanga amene akupenta maluwa ake ku Beijing, akuoneka?

Nachisale:
Funso limenelo ndi lachilungamo. Rubens ku Antwerp anali ndi gulu la omuthandiza, Van Dyck anali mmodzi wa iwo, ndiye mwambowo ndi wakale. Koma kukhala wakale sikuuyeretsa. Ndiwonjezerenso china chofanana nacho: zithunzi zake zambiri zoyamba zili ndi dzina la chithunzi chakale chija, osati la mnyamata wojambulidwayo. Mnyamata uja amapita kwawo ndi ndalama ya tsikulo, nkhope yake n'kukapachikidwa m'nyumba ya munthu wolemera pansi pa dzina la mfumu ya ku Ulaya. Pambuyo pake anayamba kumaika maina a anthu enieniwo pa zithunzi zina, monga zimene anajambula ku St Louis mu 2018. Akazinso anachedwa kuwalowetsa, mpaka mu 2012.

Chisomo ku London:
Ndimangowerenga, koma mawu a bambo Mbewe oti kodi tilibe kaimidwe kathu andikumbutsa wathu Samson Kambalu. Kuyambira September 2022 mpaka 2024, pa Trafalgar Square kuno panaima chiboliboli chake chotchedwa Antelope. Anatenga chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi cha ku Mbombwe, Chilembwe atavala chipewa, nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu sanasinthe kaimidwe kawo. Anangomukuza Chilembwe, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba.

Ndinkadutsa pamenepo popita ku ntchito ndipo nthawi zina ndinkaima kumvetsera alendo akufunsana kuti munthu wa chipewayu ndi ndani. Kumbuyo kwake kuli National Gallery, kumene Wiley anaonetsa ntchito zake kuyambira kumapeto kwa 2021. Ndiye onse awiri ndawaona pa bwalo limodzi. Wiley amatenga chithunzi cha azungu n'kulowetsamo wakuda. Kambalu anatenga chithunzi chathu chimene chinalipo kale n'kuchikweza pamalo a azungu. Ine mtima wanga uli kwa Kambalu, mwina chifukwa Chilembwe ndi wathu, komanso chifukwa chipewacho Chilembwe anavala yekha, palibe anamuveka.

Bambo Mbewe:
Mwanena zimene zidali mumtima mwanga, mwana wanga. Chilembwe sadabwereke kanthu. Patangopita miyezi, mu January 1915, adadzuka, ndipo adafera zomwezo.

Nabanda ku Maryland:
Koma bambo, tisaiwale kumene Wiley akulankhulira. Munthu wakuda wa ku America makolo ake anabwera pa sitima za akapolo, zithunzi za agogo ake sizili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Zimene zilimo ndi za amene ankawagula. Ku Richmond, ku Virginia, kunali msewu wotchedwa Monument Avenue, wodzaza ndi ziboliboli za akuluakulu a nkhondo amene anamenyera kuti ukapolo usathe. Ana akuda ankadutsa pansi pa mahatchi amenewo tsiku ndi tsiku popita ku sukulu. Wiley ataona cha J.E.B. Stuart mu 2016, anapanga chake cha mkuwa, Rumors of War, chotalika pafupifupi mamita 8 pamodzi ndi mwala wake. Hatchi yaima ngati ya Stuart, wokwerapo watembenuka ngati Stuart, koma ndi mnyamata wa tsitsi lopota lomangidwa pamwamba, wovala juzi ya chipewa, jinzi yong'ambika m'mawondo ndi nsapato za Nike. Anachionetsa koyamba pa Times Square mu September 2019, mu December n'kuchiimika ku Richmond. Mu July 2020, George Floyd ataphedwa ndipo anthu atadzaza m'misewu, cha Stuart chija anachichotsa. Cha Wiley chilipobe.

Munthu wokulira pansi pa mahatchi amenewo akafuna kuyankha, ayankha ndi hatchi. Ife tili ndi Chilembwe pa ndalama yathu, iwo nkhondo yawo ndi ina.

Yamikani:
Ndangozindikira kuti ndi yemwe anajambula Obama ali m'masamba uja!

Nabanda ku Maryland:
Yemweyo. Anachivundukula pa 12 February 2018 ku National Portrait Gallery ku Washington, pamodzi ndi cha Michelle Obama chimene anajambula Amy Sherald. Awiriwa anali akuda oyamba kupatsidwa ntchito imeneyo ndi nyumbayo. Ine ndinakachiona, ndipo mzere wa anthu unali wautali, ambiri atanyamula ana. Obama wakhala pa mpando wamatabwa, wawerama pang'ono kutsogolo, manja wapingasa pa mawondo, alibe tayi. Masamba obiriwira adzaza paliponse, ena akukwera pa miyendo yake. Maluwa ali m'masambamo ali ndi tanthauzo: a chrysanthemum ndi a mzinda wa Chicago, a jasmine ndi a ku Hawaii kumene anabadwira, ndipo abuluu aja ndi okumbukira Kenya kwa bambo ake. Onse awiri, wojambula ndi wojambulidwa, ndi ana a bambo wa ku Africa amene sanawalere.

Chimene ndinaona ndi ichi: anyamata a mumsewu amawakweza pa hatchi, koma atapeza munthu wa mphamvu zenizeni anamukhazika pansi.

Gondwe:
Kwa Obama anachita bwino. Koma pamene tafika pa atsogoleri, ndiyenera kunena chimene chinandikhumudwitsa, ine amene ndakhala ndikumuikira kumbuyo pano. Ku Africa kuno wachita zabwino ndithu. Mu 2008 anajambula anyamata a ku Lagos ndi ku Dakar ataima ngati ziboliboli za m'mizinda yawo, kumbuyo kuli mapatani a nsalu za kumeneko, ndiye si nthawi zonse amatengera ku Ulaya. Mu 2010, pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku South Africa, kampani ya Puma inamulemba ntchito yojambula Samuel Eto'o, John Mensah ndi Emmanuel Eboué. Mu 2019 anatsegula Black Rock ku Dakar, malo amene ojambula ndi olemba ochokera kulikonse amakakhalako kwa miyezi ingapo akugwira ntchito zawo.

Koma mu September 2023 ku Musée du quai Branly ku Paris anaonetsa A Maze of Power, zithunzi za atsogoleri a maiko 11 a mu Africa zimene ankazijambula mwachinsinsi kwa zaka zoposa 10. Muli Olusegun Obasanjo, Nana Akufo-Addo, Macky Sall, Sahle-Work Zewde, Paul Kagame, Alassane Ouattara, Félix Tshisekedi. Mulinso Denis Sassou Nguesso, amene anayamba kulamulira Congo-Brazzaville mu 1979 ndipo anangopumako zaka zisanu. Muli Faure Gnassingbé amene analowa m'malo mwa bambo ake ku Togo mu 2005, bambowo atalamulira kuyambira 1967. Muli Alpha Condé wa ku Guinea amene anasintha malamulo kuti aimenso kachitatu, asilikali n'kumuchotsa mu 2021. Anawatsegulira mabuku omwe aja kuti asankhe kaimidwe ka mafumu.

Njira ndi yomweyo, koma tanthauzo latembenuka. Mnyamata wa ku Harlem akasankha kuima ngati mfumu, akutenga chimene anamanidwa. Munthu amene wakhala zaka 40 pa mpando akasankha kuima ngati mfumu, akungotsimikiza zimene anthu ake akulira nazo. Wiley amati iye akufufuza mmene mphamvu imadzionetsera, sakuyamikira kapena kudzudzula aliyense. Kwa ine yankho limenelo silikukwana.

Bambo Mbewe:
Apa ndiye tagwirizana, a Gondwe. Ife a msinkhu wathu tikudziwa ntchito ya chithunzi cha mtsogoleri. Nthawi ya Kamuzu chithunzi chake chinkapachikidwa m'ofesi ndi m'sitolo iliyonse, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya wotchi kaya kalendala. Amayi athu ankavala nkhope yake pa nsalu pokavina. Chithunzi chotere sichifufuza kanthu. Chimauza munthu wolowa pakhomo kuti achepe. Wojambula akhoza kunena ku Paris kuti akungofunsa mafunso, koma wa ku Lomé kapena ku Brazzaville akachiona, aona zimene wakhala akuziona pakhoma moyo wake wonse, kungoti tsopano zakongoletsedwa ndi katswiri. David adachitira Napoleon zomwezo.

Chisomo ku London:
Pali nkhani inanso imene sitingailumphe ngati tikukamba za moyo wake. Mu 2024 amuna angapo ananena poyera kuti anawachitira nkhanza zokhudza kugonana. Iye anakana zonse. Nyumba zina za zithunzi ku America, monga ya ku Minneapolis, zinaimitsa zionetsero zake zimene zinali zitakonzedwa. Ine sindine woweruza ndipo sindikufuna kuti pano tiyambe kugamula mlandu, koma amene akuphunzitsa ana za munthuyu adziwe kuti nkhaniyi ilipo, asadzaimve koyamba kwa mwana wa sukulu.

Nachisale:
Zikomo asisi, mwachita bwino kuitchula, ndipo mwaitchula moyenera. Ine pa chithunzi cha 2005 chija sindinasunthe. Ndimakhulupirirabe kuti dzina la Williams pa mwala uja linachita ntchito imene mabuku ambiri sanaichite. Koma pa atsogoleri 11 aja ndilibe chomuikira kumbuyo.

Bambo a Tadala:
Pa za atsogolerizo ndilankhule monga wogwira burashi. Nthawi ya kampeni anthu a zipani amabwera kwa ife, ndipo nkhope za andale ndajambulapo pa makoma, ena oti voti yanga sindingawapatse. Amakuuza kuti makwinya uchotse, mimba uchepetse, maso awale. Umachita, chifukwa kunyumba kukufunika ufa ndi fizi. Ndiye ndikudziwa mmene dzanja limakometsera munthu mtima usakufuna.

Wiley pamene ankapita kwa atsogoleri amenewo sanali pa njala. Zithunzi zake zinali kale m'nyumba zikuluzikulu za ku America, ndipo akuti iye ndi amene ankawafunafuna, osati iwo. Akanatha kutuluka pa geti ya nyumba ya boma n'kuimitsa mayi wogulitsa nsomba kapena mnyamata wa njinga yamoto, monga ankachitira pa 125th Street. Akanathanso kumujambula mtsogoleriyo mmene alili, monga mwanenera za uja wa nyulu, bambo Mbewe. Luso la khungu lija ali nalo, ndipo ndikhala ndikuliphunzira pa foni pano mpaka nditadziwa mmene amasakanizira kufiira kuja. Koma zithunzi za ku Paris zija sindidzamuonetsa mnyamata wanga ngati chitsanzo.